Pepala la kuchipatala si lokulungira usipa

Mwezi wathawu ndidali ku Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania, komwe tidali ndi msonkhano wa alangizi a zaumoyo ochokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Tsiku lachiwiri titaweruka, mayi wina wa zaka za m'ma 30 adatsalira pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti anthu abalalike. M'manja mwake mudali kajumbo ka pulasitiki. Ataona kuti abambo onse apita, adasendera kwa namwino wina wopuma pantchito yemwe tinkayenda naye, nagwada.

"Amayi, ndati mundiwerengereko mapepala awa. Kuchipatala adandichotsa chiberekero mwezi watha, ndiye apongozi akuti mwana wawo afune mkazi wina woti azibereka."

Namwino uja adatambasula mapepalawo pamwendo. Adali awiri okha, lina long'ambika pakona, lina lothimbirira ndi mafuta a nsomba. Atawerenga mwakachetechete adafunsa kuti: "Mwana wanga, kuchipatalako mudagona masiku angati?"

"Sindidagone, Amayi. Ndidabwerako tsiku lomwelo."

"Ndiye pukutani misozi. Chiberekero chanu chilipo. Adangodula kachigawo kakang'ono ka pakhomo pake."

Dokotala adamufotokozera mayiyu m'Chiswahili kuti adula kachigawo ka shingo ya kizazi, kutanthauza khomo la chiberekero, koma chifukwa cha mantha iye adangogwira liwu limodzi loti kizazi. Pepala lomwelo lidanenanso tsiku loti abwerere kukamva zotsatira za kulabotale, ndipo tsikulo lidali litadutsa kale. Titafunsa za malisiti, mayiyo adati ana adakulungira usipa. Mwamuna wake adagulitsa gawo lake la khoka kuti apeze ndalama za ulendowo, koma panalibe yemwe akadatha kunena kuti ndalamazo zidalipira chiyani ndi chiyani.

Awerengi okondedwa, m'ndime yathu ya mwezi uno tikambirana za mapepala oterewa. Dzina la matenda ndi dzina la opaleshoni zomwe zimalembedwa papepala, pamodzi ndi manambala ake, ndi zomwe zimalamula kuti banja lilipira zingati, mayi alandira chithandizo chanji mtsogolo, komanso boma litumiza zipangizo zochuluka bwanji kudera kwathu.

Maopaleshoni ndi osiyana

Khomo la chiberekero ndi kumunsi kwa chiberekero, komwe kumatseguka mwana akamabadwa. Khansa ya pamalo amenewa imayamba ndi kachilombo ka HPV komwe kamafala pogonana, ndipo imatenga zaka zambiri isadaonekere. Ndi khansa yomwe imagwira amayi ambiri kuposa ina iliyonse ku Tanzania. Chiwerengero cha bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO cha m'chaka cha 2020 chidaonetsa kuti amayi oposa 10,000 amapezeka nayo m'dzikoli pachaka, ndipo oposa 6,000 amamwalira.

Kumudzi chilichonse chochitika pamalo obisikawa timangochitcha kuti "adamuchapa m'mimba" kapena "adamuchotsa chiberekero". Koma kuchipatala pali njira zinayi zosiyana kwambiri.

Yoyamba ndi ya mayi yemwe maselo a pakhomo la chiberekero angoyamba kusintha. Namwino amaumitsa malowo ndi mpweya wozizira kwambiri kapena kuwatentha ndi kachipangizo kakang'ono. Sipakhala kudula kulikonse ndipo mayi amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Yachiwiri ndi ya mayi yemwe malo osinthawo ndi aakulu. Dokotala amadula kachigawo ndi kawaya kopyapyala koyendera magetsi, njira yotchedwa LEEP, ndipo kachigawoko amakatumiza kulabotale kuti akaone ngati muli khansa. Izi ndi zomwe adachitidwa mayi wa ku Mbamba Bay uja. Chiberekero chimatsala ndipo mayi angathe kutenga pakati, ngakhale ayenera kuwauza anamwino a kusikelo za opaleshoniyi chifukwa ena amachira masiku asadakwane.

Yachitatu ndi kuchotsa khomo lonse n'kusiya chiberekero, komwe madokotala amati trachelectomy. Njira yochotsa khomo pamodzi ndi minofu yozungulira pofuna kuchiza khansa adaitchukitsa ndi dokotala wa ku Lyon ku France, Daniel Dargent, yemwe adafalitsa zotsatira zake m'chaka cha 1994. Imayenera mayi yemwe khansa yake yapezeka msanga, chotupa chisadapitirire masentimita awiri, ndipo akufunabe kubereka. Dokotala amamanga kumunsi kwa chiberekero ndi ulusi wolimba, ndipo mayiyo akadzatenga pakati amachira kudzera pa opaleshoni. Ndi ntchito ya akatswiri a m'zipatala zikuluzikulu, ndipo sichitika kawirikawiri kuno kwathu chifukwa amayi ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale.

Yachinayi ndi kuchotsa chiberekero chonse pamodzi ndi khomo lake. Apa ndiye kuti kubereka kwatha ndipo msambo umasiya. Khansa ikafalikira kupitirira pamenepa, mpeni suthandizanso. Chotsala ndi mankhwala amphamvu ndi kuwotcha khansayo ndi makina, chithandizo chomwe anthu a kum'mwera kwa Tanzania amakachipeza makamaka ku Ocean Road Cancer Institute ku Dar es Salaam, chipatala chomwe chidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1996.

Njira iliyonse mwa izi ili ndi dzina lake, mtengo wake, chipatala chake ndi tsiku lake lobwerera kukaonedwa. Mayi yemwe sakudziwa kuti adachitidwa iti ali ngati msodzi wopalasa usiku osadziwa doko lomwe wachokera.

Matenda ali ndi manambala

Kuti madokotala a m'mayiko onse azimvana, WHO ili ndi buku lalikulu la mayina a matenda lotchedwa ICD, momwe nthenda iliyonse idapatsidwa chilembo ndi nambala. Buku la nambala 10 lidavomerezedwa m'chaka cha 1990, ndipo la nambala 11 lidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, ngakhale mayiko akusamukirako pang'onopang'ono. M'buku la nambala 10, C53 ndi khansa ya khomo la chiberekero. D06 ikutanthauza kuti maselo asintha kwambiri koma sadalowerere m'kati mwa mnofu. N87 ndi kusintha kwa maselo kocheperapo. Kwa ife osaphunzira za udokotala manambalawa amaoneka ofanana, koma kusiyana kwa C53 ndi N87 ndi kusiyana kwa ulendo wa ku Dar es Salaam ndi ulendo wa tsiku limodzi.

Ubwino wa manambalawa ndi woti amaoloka nyanja. Anthu a ku Mbamba Bay ndi a ku Nkhata Bay ku Malawi akhala akuyenderana ndi kukwatirana kuyambira kale, ndipo odwala amaoloka kukafuna chithandizo komwe kuli achibale. Pepala lolembedwa m'Chiswahili lingamuvute dokotala wa ku Mzuzu, koma akaona C53 adziwa nthawi yomweyo chomwe chikunenedwa. Si pepala lililonse lopatsidwa kwa wodwala lomwe limakhala ndi nambala yotere, choncho chofunika n'chakuti dzina la nthenda lilembedwe momveka, ndipo nambala ikakhalapo isafufutike.

Maopaleshoni nawonso ali ndi manambala awo, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani ya ndalama. Ku America, komwe pafupifupi chithandizo chilichonse chimadzera ku inshuwaransi, kuchotsa khomo lokha kumalembedwa 57530, pomwe kuchotsa khomo ndi minofu yozungulira kumalembedwa 57531. Kusiyana kwa nambala imodzi yakumapetoyo kumasintha bilu yonse, mwakuti kumeneko kuli anthu omwe ntchito yawo tsiku lonse ndi kuwerenga zomwe dokotala walemba n'kusankha nambala yoyenera. Ku Tanzania thumba la inshuwaransi ya zaumoyo la NHIF, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1999 n'kuyamba ntchito mu 2001, lili ndi mndandanda wake wa chithandizo ndi mitengo yake. Chipatala chikathandiza membala chimalemba fomu yosonyeza nthenda, zoyeza, mankhwala ndi opaleshoni, wodwala n'kusainira, kenaka chimatumiza fomuyo kukaitanitsa ndalama. Chithandizo china chodula, monga kuwotcha khansa ndi makina, chimafuna chilolezo cha thumbali chisadayambe.

Dzina la nthenda likasemphana ndi dzina la opaleshoni pafomu, zotsatira zake zimagwera anthu atatu. Woyamba ndi mwini thumba la ndalama: inshuwaransi ingakane kulipira, kapena banja lingalipire mtengo wa opaleshoni yaikulu pomwe idachitika ndi yaing'ono. Wachiwiri ndi wodwala: dokotala wina akadzawerenga kuti chiberekero chidachotsedwa pomwe chilipo, sadzamuitananso mayiyo kuti adzayezedwe khomo. Wachitatu ndi dera lonse. Zipatala za ku Tanzania zimalemba odwala m'makaundula a MTUHA, ndipo ziwerengero zake zimapita ku boma, kuchigawo mpaka ku unduna. Amayi a ku Nyasa akapanda kuoneka m'makaundula amenewa, okonza bajeti aona ngati vutoli kuno kulibe.

Zolakwika zotere nthawi zambiri sizichokera ku chinyengo. Namwino mmodzi akamaona mzere wa anthu, kulemba makaundula ndi kudzaza mafomu nthawi imodzi, dzanja limatha kuphonya. N'chifukwa chake diso lachiwiri, la wodwala kapena la mlangizi, ndi lofunika.

Alipira ndani?

M'chaka cha 1993 boma la Tanzania lidayamba ndondomeko yoti odwala azisonkhako ndalama m'zipatala zake. Ndondomekoyi idapatula magulu ena kuti asamalipire, monga amayi oyembekezera, ana osakwana zaka zisanu, okalamba ndi odwala matenda a mgonagona, khansa ili m'gulu lomweli. Kukhululukidwa kumeneku m'Chiswahili amati msamaha. Koma msamaha suyendera mawu apakamwa. Mayi sawerengedwa kuti ndi wodwala khansa kufikira zotsatira za kulabotale zitatsimikiza, ndiye kuti zoyeza zoyambirira nthawi zambiri zimatuluka m'thumba mwake. Pepala la zotsatira likatayika, umboni watayika, ndipo angafunike kuyezedwanso ndi kulipiranso. Yemwe amathandiza pa nkhani ya msamaha m'zipatala za boma ndi mkulu woona za chisamaliro cha anthu, afisa ustawi wa jamii. Mabanja ambiri amagulitsa mbuzi kapena munda wa chinangwa asadagogode n'komwe pakhomo pa ofesi yake.

Kwa alimi ndi asodzi, omwe sali pantchito yolembedwa, boma lidakhazikitsa thumba la CHF, lomwe lidayesedwa koyamba ku Igunga mu 1996. Litakonzedwanso m'chaka cha 2018, banja la anthu asanu ndi mmodzi linkalipira mashilingi 30,000 pachaka, ndipo khadi lake linkagwira ntchito kuyambira kuchipatala chaching'ono cha kumudzi mpaka kuchipatala chachikulu cha chigawo, malinga munthu akhale ndi kalata yotumizira yomwe amati rufaa. Zipatala za pamwamba pa chigawo sizidali m'gululi. Kumapeto kwa chaka cha 2023 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan adasainira lamulo la inshuwaransi ya zaumoyo ya anthu onse, lomwe cholinga chake n'chakuti nzika iliyonse ikhale ndi inshuwaransi ndipo boma lizilipirira osowa. Choncho musadalire zomwe mudamva zaka zapitazo. Musadanyamuke, funsani kuofesi ya zaumoyo ya boma la Nyasa kuti khadi lomwe muli nalo likufika pati ndipo likulipira chiyani.

Tisaiwale kuti dera lino limadaliranso zipatala za mipingo, monga St Anne's ku Liuli, Litembo kumapiri a Mbinga ndi Peramiho kufupi ndi Songea. Zipatalazi zili ndi mitengo yake ndi mapangano ake ndi boma komanso ndi inshuwaransi, choncho ndi bwino kufunsa mtengo wa chilichonse chisadachitike. M'zipatala zambiri za boma malipiro amadzera pa nambala yotchedwa control number, njira yomwe boma lidayambitsa m'chaka cha 2017. Munthu amalipira pafoni kapena kubanki, ndipo uthenga womwe umabwera pafoni ndi umboni wake. Uthengawo musaufufute.

Pali ndalama zina zomwe sizilembedwa pa bilu iliyonse. Kuchoka ku Mbamba Bay kukwera mapiri mpaka ku Mbinga ndi makilomita 66, kuchoka ku Mbinga kukafika ku Songea ndi pafupifupi 100, ndipo kuchoka ku Songea kukafika ku Dar es Salaam ndi pafupifupi 1,000. Wodwala sayenda yekha, amafuna womudikirira, ndipo onse awiri amafuna chakudya ndi pogona kwa milungu ingapo. Kumudzi munda umatsala wosapalira ndipo usipa umasowa woyanika. Mayi akafika ku Songea kapena ku Dar es Salaam n'kubwezedwa chifukwa alibe rufaa kapena zotsatira, ndalama zonse za ulendowo zalowa m'madzi. Ambiri akabwezedwa kamodzi sabwereranso.

Zoyenera kuchita

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kufunsa dokotala mwaulemu si mwano, ndipo ndi ufulu wa wodwala aliyense kudziwa chomwe wachitidwa pathupi pake. Mayi asadatuluke pachipata cha chipatala, iye kapena womudikirira afunse mafunso awa:

1. Kodi nthenda yomwe mwaipeza dzina lake ndi chiyani? Ndi khansa kapena ndi chiyambi chabe?

2. Kodi mwachotsa chiyani ndipo mwasiya chiyani? Ndingathe kuberekanso?

3. Kodi kachigawo komwe mwadula kapita kulabotale? Zotsatira ndidzazitenga liti, ndipo kuti?

4. Kodi ndalama zomwe ndalipirazi ndi za chiyani ndi chiyani? Pali zina zomwe ndiyenera kukhululukidwa?

5. Kodi ndibwerenso liti?

Mayankho alembedwe papepala, ndipo ngati Chiswahili kapena Chingerezi chikuvuta, pemphani kuti wina amasulire m'chiyankhulo chanu. Fomu ya inshuwaransi musaisainire ili yosalembedwa, ndipo ngati simutha kuwerenga pemphani kuti akuwerengereni musadadinde chala.

Mapepala oyenera kusungidwa ndi anayi: kalata ya rufaa, zotsatira za kulabotale, kalata yotulutsira m'chipatala yonena dzina la opaleshoni, ndi malisiti onse. Asungeni m'jumbo losalowa madzi, pamalo amodzi ndi khadi la sikelo la ana, kutali ndi chiswe. Ngati pamudzi pali foni yojambula, jambulani pepala lililonse.

Kwa inu alangizi, ntchito yanu siyithera pa kutumiza mayi kuchipatala. Akabwerako mukamuyendere, muwerenge naye mapepala, ndipo mulembe m'kabuku kanu tsiku lomwe ayenera kubwerera. Mayi yemwe wathandizidwa pa kusintha kwa maselo amayenera kuyezedwanso pakatha chaka. Ngati iye walola, khalani pansi ndi mwamuna wake kuti amve yekha chomwe chidachitika, komanso kuti madokotala amalangiza kupewa kugonana kwa milungu inayi kapena kuposerapo kuti bala lipole. Koma kumbukirani kuti zolembedwa m'mapepalawo ndi chinsinsi cha mwini wake. Si nkhani yokamba padoko kapena pachitsime.

Kwa magulu a banki m'khonde ndi makomiti a asodzi, ganizirani zopatula kathumba ka maulendo a kuchipatala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ndalama ya basi ikapezeka msanga imapulumutsa khoka ndi munda.

Bilu yotsika mtengo

Bilu yaing'ono kuposa onse ndi ya mayi yemwe wapita kukayezedwa asadamve kupweteka. Kuyeza ndi viniga wa kuchipatala kumatenga mphindi zochepa, ndipo kusintha kwa maselo kukapezeka msanga kumathera pa njira yoyamba ija. WHO imalangiza kuti amayi ayambe kuyezedwa pa zaka 30, ndipo omwe ali ndi kachilombo ka HIV ayambe pa zaka 25, chifukwa chiopsezo chawo chodwala khansayi ndi chochuluka kasanu ndi kamodzi. Tanzania idayamba kupereka katemera wa HPV m'dziko lonse mu Epulo 2018 kwa atsikana a zaka 14, ndipo m'chaka cha 2024 idasinthira ku jekeseni imodzi yokha n'kuchita kampeni ya atsikana a zaka 9 mpaka 14. Mu Novembala 2020 WHO idakhazikitsa cholinga choti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 aliwonse akhale atalandira katemera, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto akhale atathandizidwa. Ziwerengero zimenezi zidzachokera m'makaundula omwewa, dzina ndi dzina, nambala ndi nambala.

Mayi uja tidamupeza mlangizi wa m'mudzi mwake, yemwe adalonjeza kumuperekeza kukatenga zotsatira ngakhale tsiku lidadutsa. Namwino wathu adapempha kuti mwamuna wake aitanidwe, ndipo m'mawa mwake adabwera, chipewa chili m'manja. Namwino adamuwerengera pepalalo mzere ndi mzere, namujambulira pamchenga chiberekero ndi khomo lake, kumuonetsa kachigawo komwe kadadulidwa.

Bamboyo adakhala chete kwa kanthawi, kenaka adati: "Amayi, mukadatero kalekale. Ndikawauza anthu kunyumba." Adatenga mapepala awiri aja, nawapinda bwinobwino, n'kufunsa ngati tingamupatseko jumbo lina losabooka.